Mmene Mungafunsire Makompyuta ndi Mapulogalamu Pogwiritsa Ntchito SQL

Aliyense amene wayang'anirapo seva amadziwa kuchuluka kwa malamulo omwe ayenera kusunga pamtima. Pa Linux, lamulo loonera mapulogalamu omwe akuyenda ndi ps, loonera ma port (makomo a netiweki) otseguka ndi ss, pamene mayina a anthu okhala ndi akaunti amapezeka mu fayilo ya /etc/passwd, ndipo chilichonse mwa zimenezi chimatulutsa zotsatira m'kaonekedwe kakekake. Mukafuna kudziwa chinthu chimodzi chokha, monga dzina la munthu amene anayambitsa pulogalamu yomwe yatsegula port 8080, mumayamba kudula ndi kusoka mawu ndi grep, cut ndi awk, ndipo zomwe mwasokazo zimamasuka tsiku lomwe dzina la fayilo lidzakhale ndi mpata pakati. Pali njira ina yomwe ndimaikhulupirira kwambiri, yomwe ndi kuona makinawo ngati database, n'kumawafunsa m'chinenero cha SQL, chomwe anthu amafunsira deta yosungidwa mu database.

Chinenerochi si chatsopano. Edgar F. Codd wa kampani ya IBM anafotokoza mu 1970 ganizo losunga deta m'matebulo a mizere ndi makolamu, Donald Chamberlin ndi Raymond Boyce anafalitsa chinenero cha SEQUEL mu 1974, ndipo bungwe la ANSI linakhazikitsa muyezo wa SQL mu 1986. Ubwino wake waukulu ndi woti munthu amanena zomwe akufuna, osati njira yozipezera, ndipo n'chifukwa chake chimakwanira bwino ngati khomo lolowera m'zida zomwe kwenikweni si database.

Tebulo lomwe silisunga kanthu

Musanalembe funso lililonse, mvetsani mfundo iyi, chifukwa zolakwika zambiri zimachokera pamenepa. Mu database wamba, mizere inalembedwa kale pa disiki ndipo ikungodikira kuwerengedwa. Koma m'zida zomwe tikukambazi, tebulo ndi dzina chabe la kachigawo ka pulogalamu komwe kamadzuka mukafunsa, kukatenga zomwe mwapemphazo kwa makina kapena ku API (njira yomwe pulogalamu imapemphera deta ku utumiki wina), n'kuzibweretsa zitayalidwa ngati mizere. Pulogalamu ya database yotchedwa SQLite imatchula matebulo otere kuti virtual tables, pamene inzake yotchedwa PostgreSQL imagwiritsa ntchito zotchedwa foreign data wrappers, zomwe zinayamba kugwira ntchito mu PostgreSQL 9.1 ya mu 2011. Tanthauzo lake ndi loti funso lililonse lomwe mwalemba ndi ntchito yomwe mwatuma makina amoyo kuti achite panthawi yomweyo. Mzere uliwonse uli ndi mtengo wake, kaya ndi nthawi ya purosesa, kuwerenga disiki, kapena pempho lodutsa pa intaneti.

Yambani ndi kompyuta yomwe ili patsogolo panu

Chida chabwino kuphunzirira ndi osquery, chomwe kampani ya Facebook inachitulutsa kwaulere mu 2014 ndipo chinaperekedwa m'manja mwa Linux Foundation mu 2019. Chimagwira ntchito pa Linux, macOS ndi Windows, ndipo mkati mwake muli SQLite. Mukachiika pa kompyuta, lembani osqueryi kuti mutsegule malo olembapo mafunso. Musathamangire kufunsa. Lembani kaye .tables kuti muone matebulo omwe alipo pa makina anuwo, kenako .schema processes kuti muone makolamu a tebulo la mapulogalamu omwe akuyenda. Chizolowezi chowerenga kaye kapangidwe ka tebulo chimapulumutsa nthawi yambiri, popeza dzina la kolamu limakuuzani zomwe mungafunse ndi zomwe simungafunse.

Funso loyamba likhale laling'ono:

    SELECT pid, name, resident_size
    FROM processes
    ORDER BY resident_size DESC
    LIMIT 10;

Funsoli likubweretsa mapulogalamu khumi omwe akudya memory yochuluka kuposa ena onse, ndipo kukula kwake kwalembedwa m'mabayiti. Mpaka pano palibe chomwe ps sangachite. Kusiyana kumaoneka mukayamba kulumikiza matebulo, chifukwa JOIN, mawu a SQL olumikizira matebulo, ndiye chifukwa chenicheni chophunzirira njira yonseyi:

    SELECT l.port, l.address, p.name, u.username
    FROM listening_ports l
    LEFT JOIN processes p ON p.pid = l.pid
    LEFT JOIN users u ON u.uid = p.uid
    WHERE l.address = '0.0.0.0';

Apa mwafunsa mafunso atatu pakamodzi: ndi ma port ati omwe akumvetsera pa ma adiresi onse a kompyutayi, ndi pulogalamu iti yomwe yatsegula port iliyonse, ndiponso ndi akaunti ya yani yomwe ikuyendetsa pulogalamuyo. Zomwe zagwirizanitsa matebulowa ndi manambala awiri, pid (nambala ya pulogalamu yomwe ikuyenda) ndi uid (nambala ya akaunti), ndipo palibe paliponse pamene mwadula mawu. Ndalemba LEFT JOIN mwadala. JOIN wamba imataya mwakachetechete mzere uliwonse womwe sunapeze mnzake kumbali inayo, choncho port yomwe mwini wake sanadziwike ikanazimiririka pa zotsatira, chikhalirecho port yotereyi ndi imene munafunika kuiona poyamba. Kumbukiraninso kuti adiresi ya 0.0.0.0 ndi ya IPv4 yokha. Yofanana nayo ya IPv6 imalembedwa ndi makoloni awiri, ndipo funso lofuna kupeza makomo onse otseguka liyenera kutchula zonse ziwiri.

Funso lina lodziwika pakati pa anthu a zachitetezo ndi ili:

    SELECT pid, name, path FROM processes WHERE on_disk = 0;

Limapeza mapulogalamu omwe akuyendabe pamene fayilo yawo inafufutidwa pa disiki, zomwe mapulogalamu ena oipa amachita pofuna kubisa mapazi awo. Koma musafulumire kuweruza, chifukwa zomwezi zimachitikanso mukakonzanso pulogalamu yabwinobwino n'kuiwala kuiyambitsanso: fayilo yakale imachotsedwa pamene process yakale, kutanthauza pulogalamu yomwe ikuyendayo, ikadali m'memory. SQL imakupatsani mizere, koma tanthauzo la mizereyo limafuna kuti muwadziwe makinawo.

Mawu a WHERE ndi amene amasankha kukula kwa ntchito

Apa ndi pamene ndikufuna kuti muchedwepo. Mu database wamba, funso lopanda WHERE limangochedwa. M'matebulo amoyo, funso lotere likhoza kukhala lopanda nzeru n'komwe. Taganizirani tebulo la file mu osquery: kuti libweretse mizere yake yonse, liyenera kuyenda m'disiki yonse, fayilo ndi fayilo. Pa chifukwa chimenechi osquery imakana kuyankha pokhapokha mutatchula path kapena directory:

    SELECT path, size, mtime
    FROM file
    WHERE path LIKE '/etc/%';

Chizindikiro chimodzi cha % chimayang'ana mu foda yomwe mwatchulayo basi, pamene ziwiri zotsatizana, %%, zimalowa m'mafoda onse a mkati mwake. Kusiyana kwa chilembo chimodzichi kungakhale kusiyana kwa mafayilo mazana angapo ndi mafayilo miyandamiyanda, makamaka mukalumikiza ndi tebulo la hash, lomwe limawerenga fayilo iliyonse kuyambira koyamba mpaka kumapeto kuti lipeze sha256 yake, nambala yomwe ili ngati chidindo cha zomwe zili mu fayiloyo.

Zomwe zimachitika mkati n'zofunika kuzidziwa. SQLite isanayendetse funso, imafunsa tebulolo kudzera mu njira yotchedwa xBestIndex kuti ndi ziti mwa zoletsa za mu WHERE zomwe lingazigwiritse ntchito lokha. Choletsa chomwe tebulo lavomera chimafika mpaka kugwero, ndipo makina amangotenga zomwe zafunsidwazo. Choletsa chomwe tebulo silikuchidziwa chimatsalira kwa SQLite, ndiye kuti mizere yonse imatengedwa kaye, kenako yosafunikayo n'kutayidwa. Zotsatira za mafunso awiriwa zimaoneka chimodzimodzi, koma ntchito yomwe yagwiridwa ndi yosiyana kutalitali. Choncho pa tebulo lililonse latsopano, fufuzani m'malangizo ake kuti ndi makolamu ati omwe amapititsa choletsa kugwero, ndipo alembeni mwachindunji. Mukakulunga kolamu yotere m'fankishoni, monga kuisandutsa kaye zilembo zing'onozing'ono musanaiyerekeze, nthawi zambiri choletsacho sichifikanso kugwero, ndipo mumabwerera ku ntchito yaikulu ija musakudziwa. LIMIT nayonso isakupusitseni: ikakhala pamodzi ndi ORDER BY, mizere yonse iyenera kupezeka kaye kuti isanjidwe, ndiye khumi yomwe mukuionayo yasankhidwa pa mulu wonse womwe watengedwa kale.

Kufunsa ma akaunti a cloud

Ganizo lomweli limagwiranso ntchito pa mautumiki a pa intaneti otchedwa cloud. Steampipe, yomwe kampani ya Turbot inatulutsa mu 2021, imayendetsa PostgreSQL mkati mwake ndipo imasandutsa ma API a AWS, Azure, Google Cloud, GitHub, Kubernetes ndi ena ambiri kukhala matebulo. Mumaika kaye pulagini ya utumiki womwe mukufuna, mwachitsanzo polemba steampipe plugin install aws, kenako mumatsegula steampipe query n'kufunsa:

    SELECT name, password_last_used
    FROM aws_iam_user
    WHERE NOT mfa_enabled;

Funsoli likupeza ma akaunti a mu AWS omwe alibe MFA, chitetezo chofuna umboni wachiwiri kuwonjezera pa mawu achinsinsi. Amene anayesapo kupeza yankho lomweli ndi pulogalamu yolemba yekha akudziwa kuti pamafunika kutenga mndandanda wa anthu tsamba ndi tsamba, kufunsanso za munthu aliyense payekha, ndi kudikira API ikakana chifukwa cha kuchuluka kwa mapempho. Pulagini imasenza zonsezi. Komabe mapemphowo akuchitikabe, ndipo apa SELECT * ndi chizolowezi choyenera kuchisiyiratu. Makolamu ena amabwera ndi pempho loyamba la mndandanda, koma ena amafuna pempho lapadera pa mzere uliwonse, motero kupempha makolamu onse pa tebulo la mizere 2,000 kungabale mapempho ochuluka kangapo kuposa mizereyo. Tchulani makolamu okhawo omwe mukuwafunadi.

Dziwaninso kuti Steampipe imasunga zotsatira kwa mphindi zisanu ngati simunasinthe makonzedwe ake. Mukakonza vuto mu akaunti n'kufunsanso nthawi yomweyo, mukhoza kuona yankho lakale n'kuganiza kuti kukonzako sikunagwire. Ndipo popeza mkati mwake muli PostgreSQL yeniyeni, mukaiyendetsa ngati utumiki imamvetsera pa port 9193, kotero chida chilichonse chodziwa kulankhula ndi PostgreSQL, monga psql kapena pulogalamu yojambula matchati, chingalumikizane nayo. Langizo langa lolimba ndi loti makiyi omwe mukuipatsa akhale owerengera basi. Chida chongofunsa sichifunika mphamvu zosinthira kanthu.

Mafayilo, malogi ndi zina zomwe zili kale pafupi

Pa mafayilo a CSV, JSON ndi Parquet, chida chosavuta ndi DuckDB, yomwe inapangidwa ndi Mark Raasveldt ndi Hannes Mühleisen ku bungwe lofufuza la CWI mumzinda wa Amsterdam, ndipo inafika pa 1.0 mu 2024. Simufunika kupanga tebulo kapena kulowetsa deta kulikonse. Dzina la fayilo ndilo tebulo:

    SELECT status, count(*) AS kuchuluka
    FROM 'malogi/*.csv'
    GROUP BY status
    ORDER BY kuchuluka DESC;

Chenjezo lake ndi limodzi. DuckDB imalingalira mtundu wa kolamu iliyonse poyang'ana gawo chabe la mizere, ndiye ngati kolamu yomwe inkaoneka ya manambala ili ndi mawu chakumapeto kwa fayilo, funso likhoza kulephera pakati. Zikatero gwiritsani ntchito read_csv ndi sample_size=-1 kuti iwerenge mizere yonse isanasankhe mitundu, kapena all_varchar=true kuti zonse zikhale mawu, inu n'kumasandutsa nokha zomwe mukufuna.

Pa Windows ganizoli ndi lakale ndithu. WMI, gawo la Windows lomwe limafotokoza za makinawo, ili ndi chinenero chake chotchedwa WQL, ndipo mu PowerShell mungalembe Get-CimInstance -Query "SELECT Name, ProcessId FROM Win32_Process", ngakhale kuti WQL ilibe JOIN ngati ya SQL. Mapulogalamu ambirinso amasunga zinthu zawo mu SQLite yeniyeni: mbiri ya masamba omwe mwatsegula mu Firefox ili mu fayilo ya places.sqlite, m'tebulo la moz_places. Fayilo yotere ikopereni kaye kwina, pamodzi ndi inzake yothera ndi -wal ngati ilipo, ndipo muzifunsa kopeyo, osati yomwe pulogalamu ikuigwiritsa ntchito. PostgreSQL nayo imadzifotokoza yokha kudzera mu pg_stat_activity, momwe mumaona mafunso omwe akuyenda ndi nthawi yomwe anayambira.

Pamene yankho lingakusokeretseni

Chinthu choopsa kwambiri m'njira imeneyi ndi yankho lopanda mizere. Munthu akafunsa ngati pali pulogalamu yokayikitsa n'kuona kuti palibe mzere uliwonse, mtima umakhala m'malo, koma kupanda mizereko kungatanthauze zinthu zingapo: kuti palibedi kanthu, kuti akaunti yomwe mukufunsira ilibe chilolezo choona zinthuzo, kuti tebulolo silinayatsidwe, kapena kuti mukufunsa dera lina la cloud osati lomwe muli katundu wanu. Mukayendetsa osqueryi ngati munthu wamba, zambiri za ma process a anthu ena sizioneka, ndipo funso la ma port lija limabwera ndi mipata yomwe ikanadzaza mukanaliyendetsa ndi sudo. Chomwe ndimachita, ndipo ndikukulimbikitsani kuti muzichitanso, ndi kuyesa funso lililonse lofufuza vuto pa chinthu chomwe ndikudziwa kuti chilipo. Tsegulani port nokha, kapena pangani akaunti yoyesera yopanda MFA, ndipo muone ngati funsolo likuigwira. Funso lomwe silinagwirepo kanthu chiyambire silinatsimikizike kuti lingagwire.

Vuto lachiwiri ndi nthawi. Database wamba imakupatsani chithunzi chimodzi chogwirizana, koma makina amoyo saima kudikira kuti funso lanu lithe. Tebulo la ma port limawerengedwa pa kamphindi kena, la ma process pa kamphindi kotsatira, ndipo pakatipo process ikhoza kutha kapena nambala yake kuperekedwa kwa ina. Komanso pulogalamu yomwe inayamba n'kutha pakati pa mafunso awiri sidzaoneka m'tebulo la processes ngakhale pang'ono. Pa zoterezi osquery ili ndi matebulo osonkhanitsa zochitika, monga process_events ndi file_events, omwe amalemba chinthu panthawi yomwe chikuchitika, koma amafuna kuyatsidwa m'makonzedwe, ndipo ngati sanayatsidwe amangobweza yankho lopanda mizere lija.

Chachitatu ndi NULL, chizindikiro choti m'kolamu mulibe kanthu, msampha wakale wa SQL womwe umakula kwambiri pano chifukwa ma API amasiya makolamu ambiri opanda kanthu. Choletsa chonena kuti kolamu isafanane ndi mawu akutiakuti chimadumpha mizere yomwe kolamuyo ndi NULL, ndipo NOT IN sibweza mzere uliwonse ngati mndandanda womwe ikuyerekeza nawo uli ndi NULL ngakhale imodzi. Gwiritsani ntchito NOT EXISTS, ndipo funsani za IS NULL mwapadera. Onaninso miyezo ya nthawi: mtime ya osquery, nthawi yomwe fayilo inasinthidwa komaliza, ndi masekondi kuchokera pa 1 Januwale 1970, pamene Firefox imawerenga nthawi yomweyo m'magawo miliyoni a sekondi.

Kusandutsa funso kukhala mlonda

Funso likatsimikizika, lisungeni mu fayilo, liikeni mu Git ngati pulogalamu ina iliyonse, ndipo mulembe pamwamba pake chomwe likufufuza ndi chifukwa chake. Kuti mapulogalamu ena awerenge zotsatira, osqueryi --json imazitulutsa m'kaonekedwe kosavuta kulandira. Kuti funso liziyenda lokha, lipatseni osqueryd, gawo la osquery lomwe limayenda lokha nthawi zonse, polilemba m'gawo la schedule la fayilo ya makonzedwe, pamodzi ndi interval yomwe imawerengedwa m'masekondi. Chosangalatsa ndi choti osqueryd imalemba kusintha kokha: imayerekeza yankho latsopano ndi lapitalo, n'kulemba mizere yomwe yawonjezeka ndi yomwe yachoka. Funso la ma port lomwe likuyenda mphindi khumi zilizonse limakhala chete mpaka tsiku lomwe port yatsopano idzatseguke. Sankhani interval moganizira mtengo tinakamba uja, chifukwa osquery ili ndi watchdog, pulogalamu yolondera yomwe imaimitsa ntchito ikadya purosesa kapena memory mopitirira malire, ndipo funso lomwe lachititsa zimenezo limaimikidwa kwa tsiku lathunthu. Pa nthawi yonseyo palibe amene akuyang'anira zomwe funsolo linkayang'anira, choncho muziona tebulo la osquery_schedule kuti mudziwe ngati mafunso anu akuyendadi.

Ngati mukulemba pulogalamu yomwe imalandira mawu kwa munthu n'kuwaika m'funso, musawalumikize pamanja ndi mawu a SQL. Gwiritsani ntchito ma parameter omwe laibulale yanu imapereka. Ngakhale chida chitakhala chowerenga chabe, munthu amene wakwanitsa kusintha funso lanu angawerenge mafayilo, mayina a ma akaunti ndi makonzedwe omwe simunafune kuti aone.

Pa nkhani yosintha zinthu, maganizo anga ndi oti SQL muisiye pa ntchito yofunsa. Zida zina zimalola INSERT, UPDATE ndi DELETE pa katundu wa cloud, koma DELETE yomwe yaiwalidwa WHERE mu database wamba ikhoza kubwezedwa ndi ROLLBACK ngati inali mkati mwa transaction, pamene seva yomwe yafufutidwa kudzera mu API palibe lamulo la SQL lomwe lingaibweze. Funso litulutse mndandanda wa zoyenera kukonzedwa, munthu auwerenge, kusinthako kuchitike ndi chida chomwe chimaonetsa kaye zomwe chikufuna kuchita, ndipo pomaliza muyendetsenso funso lomwe lija, mutachotsa zotsatira zosungidwa, kuti muone ngati mizereyo yachokadi.